Mayankho tinapereka pakhonde aja akusungidwa kwa yani?

Mu Seputembala 2018 ndinali mmodzi mwa anthu amene ankayenda khomo ndi khomo kuno ku Mulanje, tabuleti m'manja, kulemba anthu pa kalembera. Dera langa linali mmunsi mwa phiri, pamene minda ya tiyi imathera n'kuyamba timinda ta anthu, tating'onoting'ono ngati mphasa zoyanikidwa. Tsiku lina ndinafika pakhomo pa gogo wina wolera zidzukulu zinayi. Anandiyalira mkeka nayankha zonse: madzi amatunga kuti, chimbudzi chilipo kapena ayi, amaphikira chiyani, ndani amapita kusukulu. Funso loti makolo a anawo ali moyo kapena ayi linawatengera nthawi, chifukwa ankafotokoza maliro aliwonse paokha pamene makinawo ankangofuna inde kapena ayi. Nditamaliza anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, zonse mwalembazi mukupita nazo kuti?" Ndinati ku Zomba, agogo. "Nanga zikakafika ku Zombako, zidzabweranso kuno?" Ndinaseka, n'kutsanzika, n'kulowera khomo lina.

Funso limenelo ndi limene landikhazika pansi lero. Ine ndikuti mayankho amene anthu amapereka pakhonde, mayina akachotsedwa, azipezeka mosavuta kwa Mmalawi aliyense wofuna kuwafufuza moona mtima, kaya ali ku yunivesite, ku khonsolo kapena kunyumba yofalitsa nkhani. Khomo lolowera likhale konkuno, lodziwika, malamulo ake olembedwa, lisamadalire kuti ukudziwana ndi ndani.

Poyamikira palipo. Ofesi yoona za ziwerengero ya National Statistical Office (NSO), imene likulu lake lili ku Zomba, yawerenga anthu m'dziko muno mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018. Si nkhani yamasewera imeneyi. Anzathu a ku DRC anawerengana komaliza mu 1984. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17,563,749, ndipo mwa iwo 684,107 anali a ku Mulanje, 721,456 a ku Thyolo. Malipoti anatuluka, ali pa intaneti, ndipo aliyense amene ali ndi bandulo komanso Chingerezi atha kuwawerenga.

Koma lipoti lili ndi polekezera. Amene anathyolako tiyi amadziwa kuti pali zinthu ziwiri zosiyana. Pali nambala imene bwana amalengeza kutha kwa mwezi, yoti gulu lonse lathyola makilogalamu akutiakuti. Ndiye pali buku la kalaliki wa pasikelo, mmene muli mzere wa munthu aliyense tsiku ndi tsiku. Nambala ya bwana ija sinama, koma imayankha funso limodzi lokha. Ukafuna kudziwa ngati amayi oyamwitsa amathyola mochepa kusiyana ndi anzawo, ngati ochokera kutali amajomba kwambiri mvula ikalimba, ngati sikelo ya kumtunda ikudya makilo a anthu, uyenera kutsegula buku la kalaliki. Buku lotere akatswiri a ziwerengero amalitcha microdata: mzere umodzi ndi khomo limodzi kapena munthu mmodzi, mayankho onse ali pomwepo, dzina ndi malo enieni zitafufutidwa. Ine ndizingoti deta ya khomo ndi khomo.

Taonani nkhani ya malo, imene kuno imadula anthu tulo. Lipoti la 2018 limati pa sikweya kilomita iliyonse m'Malawi pamakhala anthu 186. Ku Mulanje amaposa 300, ku Thyolo amaposa 400. Manambalawa ndi oona, koma munthu wa kuno akawamva amapukusa mutu, chifukwa powerengapo alowetsamo phiri lonse mpaka pa Sapitwa pamene sipagona munthu, alowetsamonso tiyi, makademiya ndi bulugamu wa m'maesiteti. Kuthinana kwenikweni, kumene mayi amagawira ana ake aakazi atatu munda umene iye analandira kwa mayi ake uli kale kachidutswa, kumasowa m'nambala yapakatikati ija. Ndi mabanja angati otsogozedwa ndi amayi amene munda wawo sufika theka la ekala ndipo amadalira ganyu wa kuesiteti wa nyengo ya mvula yokha? Ana a m'mabanja amenewo amalekezera sitandade chiyani? Palibe lipoti limene lingayankhe funso lililonse limene munthu angaganize. Koma m'buku la kalaliki muja mayankho ambiri alimo, akungodikira wofunsa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti bukulo lilipo ndipo ena amalitsegula tsiku ndi tsiku. Kafukufuku wa m'mabanja wotchedwa Integrated Household Survey (IHS) wachitika kangapo, monga mu 1997/98, 2004/05, 2010/11, 2016/17 ndi 2019/20. Amafunsa zimene banja ladya sabata yathayi, ngongole, ganyu, matenda, ndipo m'zaka zaposachedwa amayeza ngakhale minda ndi GPS. Wa 2019/20 ndi amene anatiuza kuti pafupifupi anthu 51 pa 100 aliwonse ndi osauka. Deta yake ya khomo ndi khomo imapezeka pa tsamba la intaneti la World Bank. Kafukufuku wa zaumoyo wa Demographic and Health Survey (DHS), amene anayamba kuno mu 1992 ndipo mu 2015/16 anapeza kuti ana 37 pa 100 osafika zaka zisanu ndi opinimbira, deta yake imagawidwa kuchokera ku America. Zigawo za kalembera wathu wa zaka zam'mbuyo zili ku IPUMS, nkhokwe ya deta ya pa yunivesite ya Minnesota ku America. Wophunzira wa ku Oslo kapena ku Michigan amalembetsa dzina, amafotokoza mwachidule zimene akufuna kufufuza, amalonjeza kuti sayesa kuzindikira munthu aliyense, ndipo m'masiku owerengeka khonde la gogo uja lili pakompyuta yake.

Akunjawo sindikulimbana nawo. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo zambiri zimene tikudziwa za ulimi ndi umphawi wathu zinachokera m'kafukufuku wotere. Mmalawi nayenso atha kulembetsa pa masamba omwewo, palibe amamuletsa. Koma kodi n'zoona kuti njira yaifupi yokafikira mayankho a anthu a ku Thekerani izidzera ku Washington?

Mwana wa mlongo wanga, ali chaka chomaliza ku yunivesite, anafuna kulemba za ana osiya sukulu m'midzi yozungulira maesiteti. Anapita ku ofesi ina yaboma ndi kalata yochokera kusukulu kwake. Anamuuza kuti bwana wosayina ali ku wekishopu kunyanja. Atabwerako bwanayo, anati kalatayo iyambe yadzera kulikulu. Kulikulu anati aibweretse italembedwa mwanjira ina. Palibe anamukaniza, palibenso anamupatsa. Patatha miyezi itatu mphunzitsi wake anamuuza kuti angolembetsa pa tsamba lakunja, ndipo sabata isanathe deta inali m'manja. Anandiimbira foni akuseka mowawidwa mtima: "Amalume, za kwathu kuno n'zosavuta kuzipeza kutsidya kwa nyanja kusiyana ndi kuseri kwa msika." Komabe funso lake lija silinayankhike, ndipo anasintha mutu wa kafukufuku.

Chifukwa chimene silinayankhikire n'chofunika kuchimvetsa. Kafukufuku ngati IHS safika khomo lililonse. M'dziko lonse amayendera mabanja opitirira pang'ono 11,000 kapena 12,000, kutanthauza kuti m'boma limodzi ndi mabanja mazana ochepa chabe. Amenewo ndi okwanira kunena za Mulanje yense, koma sangakuuzeni kusiyana kwa dera la Njema ndi la Juma, kapena kwa Bvumbwe ndi Nsabwe, pamene aliyense wa kuno akudziwa kuti madera amenewa ndi osiyana ngati msana ndi mimba. Chimene chimafika mudzi uliwonse ndi kalembera wa anthu onse, komanso mabuku a maunduna: kaundula wa m'sukulu, wa m'zipatala, wa alangizi a zaulimi, ndi kaundula wa UBR amene amagwiritsidwa ntchito posankha olandira Mtukula Pakhomo. Deta imeneyi ndiye yokoma kwa wofufuza za kumudzi, ndiyonso imene njira yake yoipezera ili ndi minga.

Ndiye mu 2025 tinaonanso kuopsa kosungitsa katundu kwa eni. Boma la America litathetsa ntchito za bungwe lake lopereka thandizo la USAID, pulogalamu ya DHS imene inkadalira ndalama za kumeneko inaima, ndipo kwa kanthawi ofufuza atsopano sankatha kulembetsa kuti alandire deta. Magazi amene anayezedwa anali a Amalawi, ana amene anakwezedwa pasikelo anali a Amalawi, oyenda m'midzi anali antchito a NSO, koma loko wa pachitseko anali m'dziko lina ndipo anatsekedwa pa zifukwa za ndale za kumeneko. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Pali amene amati kutsegula deta n'kuulula zinsinsi za anthu. Mwa zifukwa zonse zotsutsa, ichi chokha ndi chimene ndimachiopa, ndipo amene amachipeputsa sanakhalepo kumudzi. M'tauni nambala imabisa munthu. Kumudzi ayi. Mukanena kuti mayi wa zaka 43, wamasiye, wa ana amapasa, ali ndi njinga yamoto, m'mudzi wakutiwakuti, ndiye kuti mwamutchula dzina, ngakhale mwana wa sitandade 2 akakulozerani khomo lake. Onjezanipo kuti kafukufuku wa zaumoyo amayeza magazi, ndipo mu 2015/16 Mulanje linali m'gulu la maboma amene HIV inapezeka yochuluka kwambiri. Onjezaninso kuti kalembera amafunsa mtundu wa munthu ndi chipembedzo chake, m'dziko limene andale ena amawerenga mavoti poyang'ana mitundu. Ife olemba kalembera tinalumbira kusunga chinsinsi, ndipo pakhomo lililonse ndinkalonjeza kuti zimene mundiuze sizikafika kwa amfumu, kwa apolisi kapena kwa okhometsa msonkho. Lonjezo limenelo likasweka kamodzi, madzi atayika. Kalembera wotsatira anthu adzanama, ena adzathawira kumunda, ndipo tidzakhala ndi manambala okongola opanda kanthu m'kati.

Koma vuto limeneli anthu analipezera kale njira, ndipo njirazo zikugwira ntchito pa deta yathu yomweyi. A DHS asanapereke malo a midzi imene anayendera, amawasuntha dala pamapu, mpaka makilomita 2 m'tauni ndi makilomita 5 kumudzi, ina yochepa mpaka 10, kuti wofufuza adziwe dera koma asathe kuloza mudzi. Zaka zakubadwa zitha kuikidwa m'magulu, zinthu zosowa ngati mapasa ndi njinga yamoto ija zitha kubisidwa. Ndipo deta sikhala ndi chitseko chimodzi. Pali yosefedwa bwino yoti aliyense atenge pa intaneti. Pali ina yozama pang'ono yoti munthu asayinire kaye pangano, sukulu kapena bungwe lake limuikire umboni. Ndiye pali yozamitsitsa, yofika pamudzi, imene siyenera kutuluka m'chipinda: wofufuza amalowa wopanda foni kapena fulashi, amagwirira ntchito pakompyuta ya momwemo, ndipo matebulo amene akutuluka nawo amayamba aonedwa ndi woyang'anira kuti sakuloza munthu. Ku yunivesite ya Cape Town kuli malo otchedwa DataFirst amene akhala akugwira ntchito yotere kwa zaka zambiri. Chingatilepheretse n'chiyani kukhala ndi chipinda chotere pa yunivesite ya sayansi ndi ukadaulo ya MUST, ku Ndata ku Thyolo, makiyi ake ali m'manja mwa wantchito wa NSO? Yunivesiteyo inatsegulidwa mu 2014, ophunzira odziwa makompyuta ndi masamu alipo, ndipo wa ku Luchenza kapena ku Chitakale atha kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. China chikhale ku Bunda, china ku Mzuzu.

Ena amati anthu osadziwa adzawerenga molakwika n'kusokoneza dziko. Zoona, kulakwitsa n'kosavuta. Khomo limodzi mu IHS limaimira makomo ena mazanamazana, ndipo woiwala zimenezi amatulutsa zabodza ali ndi mtima woyera. Koma wolakwitsa pa deta imene aliyense ali nayo amagwidwa ndi mnzake mawa lomwe. Wolakwitsa pa deta yotsekeredwa m'kabati ndi amene sagwidwa. Za mapulogalamu odula a pakompyuta musadandaule nazo, pulogalamu yowerengera deta yotchedwa R ndi yaulere.

Chifukwa chachitatu sichinenedwa poyera, koma ndikukhulupirira kuti ndicho chimatumiza mabwana ambiri ku wekishopu pa tsiku losayina: mantha oti wina akawerenga yekha apeza zosiyana ndi zimene ofesi inalengeza. Zinachitikapo. M'zaka zoyambirira za makuponi a feteleza, amene anayamba mu 2005/06, unduna wa zaulimi unkawerenga mabanja a alimi opitirira 3 miliyoni, pamene ziwerengero za NSO zinkasonyeza mabanja a kumudzi pafupifupi 2.5 miliyoni. Akatswiri a zachuma Ephraim Chirwa ndi Andrew Dorward, amene anaunika pulogalamuyi kwa zaka zingapo, analoza kusiyana kumeneku, ndipo pogwiritsa ntchito mayankho a m'makomo anathanso kuona amene makuponi ankawafikiradi ndi mmene anthu ankagawanirana. Ife a kumudzi tinkadziwa kale kuti thumba limodzi limagawidwa m'mabeseni, ndiponso kuti midzi ina inkabadwa usiku pofuna makuponi. Koma kudziwa kwa pabwalo la mfumu sikusintha ndondomeko ya boma. Kumafunika munthu woti aike manambala awiri pamodzi n'kufunsa kuti mabanja enawo akugona kuti. Ofesi imene imaopa funso lotere ndiye yofunika kufunsidwa kwambiri.

Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'chigawo chakummwera, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Kwa Njema kuno ndi kwa Nkhulambe ku Phalombe miyala ndi matope zinatsika m'phiri monga mmene akuluakulu amasimbira za napolo wa 1991. Sindikunena kuti kompyuta ikanaimitsa napolo. Koma kalembera analemba kale kuti nyumba iyi ndi ya zidina zosawotcha, umu mumagona nkhalamba yokha, umu muli munthu wolumala. Khonsolo imene ili ndi anthu ozolowera kutsegula deta yotere ikanatha kudziwiratu, mvula isanagwe, midzi ya m'mbali mwa Ruo, Lichenya kapena Thuchila imene ili ndi anthu ambiri osatha kuthawa okha. Ndipo pambuyo pake, mindandanda ya okhudzidwa ikamabwera kuchokera m'midzi, pakanakhala poiyerekezera. Zilinso chimodzimodzi ndi matenda a chisaka amene anatha nthochi ku Thyolo mpaka tinayamba kudya zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique: mabanja amene ankaphunzitsa ana ndi ndalama za nthochi analowera kuti? Amene angafunse funso limeneli ndi mtima wonse ndi mwana amene anakulira m'nthochimo, akapatsidwa pofunsira.

Malamulo sakusowa. Pali lamulo la ziwerengero la 2013 limene limapatsa NSO mphamvu ndi udindo wosunga chinsinsi. Pali lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi aboma, la 2017, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020 titalidikira zaka zitatu. Palinso lamulo loteteza deta ya anthu la 2024. Chosowa ndi kapepala kamodzi kosavuta, kopachikidwa pakhoma komanso pa intaneti, m'Chingerezi ndi m'Chichewa, konena kuti deta ilipo ndi iyi, woyenera kuipempha ndi uyu, fomu ndi iyi, yankho mulandira m'masiku akutiakuti, ndipo tikakukanizani tikuuzani chifukwa ndi kumene mungakadandaule. Kapepala kameneka kagwire ntchito ku NSO komanso m'maunduna onse osunga makaundula, chifukwa kumaundunako ndi kumene zitseko zili zolimba.

Ndalama zidzafunika, tisanamizane. Kuyeretsa deta, kufufuta zoloza anthu, kulemba buku lofotokoza kuti funso lililonse linafunsidwa bwanji, imeneyi ndi ntchito ya akatswiri ya miyezi yambiri, ndipo NSO yakhala ikudalira kwambiri thandizo la mabungwe akunja pa kafukufuku wake wamkulu. Wolipira ndiye amasankha kosungira. Ngati aphungu athu akufuna kuti masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, aziyezedwa ndi manambala athuathu, aike mu bajeti ya kalembera wotsatira, amene mwa kawerengedwe ka zaka khumi akuyenera kuchitika mu 2028, ndalama ya ntchito imeneyi. Magalimoto ndi maalawansi a oyenda m'midzi saiwalika mu bajeti. Choiwalika ndi chimene chimachitika matabuleti akabwezedwa. Koma asaganize zobweza ndalamazo polipiritsa ophunzira, amene ena a iwo fizi yomwe ikuwavuta.

Ofufuza nawonso ali ndi ngongole, ndipo pangano losayina lija liziwakumbutsa. Amene watenga deta ya Mulanje kapena Thyolo abweze tsamba limodzi m'Chichewa chomveka, lofotokoza zimene wapeza, lipite ku khonsolo, liwerengedwe pamsonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC), limveke pawailesi ya m'dera. Pakalipano makomiti a chitukuko m'midzi amakangana za kumene kukumbidwe mjigo potengera amene ali ndi mawu okweza, pamene pepala loyankha funso lawolo linasindikizidwa m'magazini ya akatswiri kunja, m'Chingerezi chimene ngakhale ine mphunzitsi ndimachita kubwereza katatu. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Anthu amene anayankha mafunso aja amve okha zimene zinatulukamo, atsutse ngati sizikugwirizana ndi zimene akuona, chifukwa nthawi zina wolakwa amakhala wofufuzayo.

Gogo uja ndinakumana nayenso chaka chatha pamaliro m'mudzi woyandikana ndi wawo. Anandizindikira ndisanawapatse moni. "Si inu aphunzitsi a kalembera aja?" Ndinavomera, mtima uli phaphapha kuti abwereza funso lija. Sanalibwereze. Anangondiuza kuti mdzukulu wamkulu anawoloka pa Muloza kukafuna ganyu ku Milanje ndipo sanabwerenso, wachiwiri anakwatiwa ali sitandade 7, ndiye ngati ndikadali nako kamakina kaja, ndichotsepo awiri.